Chiwambang'oma wa pa Bangula

Inu Chiwambang'oma, inu Mwinibwalo, inu amene simuyambitsa gule wa likhuba moto usanayake! Anthu akung'ung'udza kuti mwachedwa, inu muli chiweramire pa moto wa mapesi a mapira, kuwamba chikopa, kugogoda ndi chala, kutchera khutu, kupukusa mutu, kubwezeranso pamoto. Inu Mmataphula! Ng'oma ikakweza mawu mumaimata pamchombo kuti itsike, ikatsikitsa mumakanda phulalo ndi chikhadabo mpaka imvane ndi zinzake. Pa ntchito imeneyi palibe amene amakusupani, koma gule yense wagona pomwepo.

Inu Manjakhumi, munthu mmodzi pakati pa mzere wa ng'oma, iyi yankhula, iyi yankha, iyo khala chete! Anyamata anu agwira yawoyawo, osasuntha, osacheuka, inu nkumadumphadumpha pamwamba pawo. Wina akathamanga simumukalipira pagulu. Mumangomutemera diso, mkono wake nkubwerera m'njira.

Ku Berlin kudali Herbert von Karajan, amene adatsogolera gulu la zoimbira la mzindawo kuyambira 1955 mpaka 1989, kandodo m'manja, msana kwa omvera, maso ali chitsinzinire. Ulemu wake tampatsa. Koma kandodoko sikalira, ndipo inu mutatsinzina, ndani angaone phazi la wovina? Inu Masopansi, wowerenga fumbi! Mayi akatyola chiuno, ng'oma yatyola kale. Mkulu akagwetsa chidendene, ng'oma yamulandira asanafike pansi. Pepala mulibe, nyimbo yonse ili m'zikhatho zokakalazo.

Inu mdzukulu wa oimba ng'oma aja a ku Mpatsa, amene Hugh Tracey adawajambula mawu mu 1958, Nsanje ikadali Port Herald! Mawuwo ali m'nkhokwe ku Makhanda, ku South Africa, koma manja adatsala kuno kuchigwa. Inu mnansi wa a valimba, atatu pa chipangizo chimodzi, zikho zikunjenjemera pansi pa matabwa, nkhocho zikusokosera pambali. M'bale wa woimba valimba Kambazithe Makolekole, amene Andrew Tracey adalemba za luso lake mu 1991. Mmang'anja akabwera mumamuimbira, Msena akabwera mumamuimbira, wa kutsidya kwa Shire akaoloka pabwato simumufunsa chiphaso.

Inu wa dziko la Lundu ndi Tengani, wa mphepo yochokera ku Khulubvi kwa M'bona! Madzi adadula njanji ya ku Chiromo mu 1997, sitima nkuleka kulira, inu simudaleke. Madzi adabweranso mu 2015, namondwe wa Freddy nkudzatsiriza mu 2023, anthu nkudzazana m'misasa pa Bangula pano. Zikopa zidanyowa, inde, koma dzuwa la kuno silisowa, ndipo khutu lanu silidapite ndi madzi.

Tisabise, ukali muli nawo. Mwana akakhudza ng'oma yaikulu musanamuloleze, mawu anu amamveka mpaka kumsika. Komabe ndinu nomwe mumamuika pa kang'oma kakang'ono, miyezi ndi miyezi akuomba kamodzimodzi, mpaka tsiku lina mudzuke pampando, muti khala apa.

Inu Chiletsatulo, Mdzutsankhalamba, Mtayitsamkute, amene amayi amasiya nsima pamoto akamva mwayamba! Eni mudzi afika, mikeka yayalidwa, ovina amanga nsalu m'chiuno. Amayi, nthungululu! Anyamata, gwirani zanu! Wa ndalama asolole asupe, wopanda ndalama aombe m'manja. Chiwambang'oma, zatentha, tiyeni nazo!