Nyimbo Ikagona pa Pepala: Kayalidwe ka Ndakatulo za Rock ku Russia

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ndakatulo ndi mawu basi, ndipo kuti kayalidwe ka mizere pa tsamba ndi nkhawa ya osindikiza. Maganizowa anagwedezeka nditayamba kuwerenga mawu a nyimbo za rock za ku Russia, zomwe kumeneko akatswiri a zolembalemba amazisanthula ngati ndakatulo zenizeni.

Nyimbozi zinabadwira m'khutu. M'zaka za m'ma 1980, pamene boma la Soviet Union linkalondalonda oimba, anthu ankapatsirana nyimbo pojambulirana matepi m'nyumba. Komabe pepala silinali patali. Pa kalabu ya rock ya ku Leningrad, yomwe inatsegulidwa mu 1981, woimba ankayamba wapereka mawu otayipa kuti avomerezedwe asanakwere pa nsanja. Motero woweruza woyamba wa nyimbo ankaweruza ndi maso, ndipo mawu omwe pakamwa akanatuluka ndi chipongwe, pa pepala ankaoneka ofatsa.

Kuti kayalidwe nako kamalankhula, olemba a ku Russia anadziwa kalekale. Kuyambira mu 1923, Vladimir Mayakovsky ankathyola mzere umodzi kukhala zidutswa zotsika ngati masitepe, n'cholinga choti wowerenga apumire pomwe iye ankapumira polakatula. Mpata woyera pa tsamba unkaimira mpweya.

Mlakatuli wa rock ali pa mpanipani woposa apa. Nyimbo yake ikasindikizidwa, gitala, ng'oma ndi liwu lake zimatsalira kunja. Chomwe watsala nacho ndi pothera mzere, zizindikiro za m'kalembedwe ndi kukula kwa zilembo. Yegor Letov wa ku Omsk, mtsogoleri wa gulu la Grazhdanskaya Oborona, anazigwiritsa ntchito mwadala. Ndakatulo zake zambiri zilibe mpumiro kapena mpatuliro, ndipo mawu ena amalembedwa m'zilembo zazikulu zokhazokha. Zilembo zazikuluzo ndimazimva ngati kukuwa. Kusowa kwa mpatuliro nako kumasiya liwu likulendewera pakati pa mizere iwiri, wowerenga n'kusankha yekha komwe liwulo likugwera. Matanthauzo awiri amakhala m'chiganizo chimodzi.

Nanga kolasi? Viktor Tsoi wa gulu la Kino ankaimba mawu ochepa ndi osavuta, omwe mphamvu yake ili m'kubwerezabwereza. Mkonzi akalemba kolasi kamodzi kokha pofuna kusunga malo, ndakatulo imaoneka yoonda, ndipo wowerenga amene sanamvepo nyimboyo amadabwa chomwe chinkadzaza mabwalo a masewero.

Chomwe chimandisautsa kwambiri ndi nkhani ya Alexander Bashlachev. Iye anamwalira ku Leningrad mu 1988 ali ndi zaka 27, asanaone buku lake ndi limodzi lomwe. Mabuku ake anasonkhanitsidwa ndi ena, kuchokera m'zolemba pamanja ndi m'matepi. Pomwe gwero lili tepi yokha, amene akusankha pothera mzere ndi mkonzi, mwiniwake atagona kumanda. Kusankhako ndi kumasulira, ngakhale kumaoneka ngati kukopera chabe.

N'chifukwa chake ndimati wosindikiza mawu a woimba womwalira ali ndi ngongole kwa owerenga: awauze kuti mzere uwu unathyoledwa ndi dzanja la mwini, uwo ndi khutu la mkonzi. Apo ayi, tidzayamikira kapena kudzudzula mlakatuli chifukwa cha mpweya womwe sanapume iye.