Nyimbo yodzudzula imayambira pamtondo

Auzeni ana a Fomu 3 kuti apeke nyimbo yodzudzula zolakwika, muone zomwe abweretse: katangale, ulova, kuthimathima kwa magetsi, kusowa kwa mankhwala, zonse kuzipanikiza m'vesi imodzi ngati katundu wa pakabaza. Mkwiyo ulipo ndithu, koma nyimbo palibe. Angotenga mitu ya nkhani za pawailesi n'kuiveka rege.

Ine ndimayamba ndawatengera kumtondo. Agogo athu posinja ankaimba za mwamuna wothera ndalama za fodya kumowa, kapena za apongozi owerenga nthuli mumphika. Wonenedwayo ankamva ali chikhalire pakhonde, koma akanayankha bwanji poti dzina lake silinatchulidwe? Luso lake lagona pamenepo: kanthu kamodzi kooneka ndi maso, mawu ochepa, ndi munsi womwe sulola mzere kutalika. Wina akatsogola, mnzake amavomera. Ndiye mwana akandipatsa kolasi yoti anzake sangaigwire ataimva kawiri, ndimamubwezera, ngakhale mawu ake akhale anzeru chotani.

Pali kenanso komwe aphunzitsi ambiri amakadumpha. Chichewa chili kale ndi nyimbo yake m'kamwa. Mawu oti "mtengo" amasintha tanthauzo malinga ndi pomwe liwu lakwera, choncho wodandaula za kukwera mtengo kwa chimanga akhoza kumveka ngati akunena za munthu wokwera mumtengo wa mango. Mzere uyambe walankhulidwa mokweza, chuni chibwere pambuyo.

Ana a masiku ano amayesa kuphiphiritsa ndi mantha. Ndimawakumbutsa za lamulo la 1968 lounika mabuku, nyimbo ndi zisudzo, komanso za Jack Mapanje, mlakatuli yemwe anatsekeredwa ku Mikuyu kuchokera 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Nthawi imeneyo birimankhwe wa m'ndakatulo zophiphiritsa ndiye ankalankhulira anthu. Zipani zambiri zitabwera, Lucius Banda wa ku Balaka anatha kutchula zinthu poyera, komabe chomwe chinkagwira anthu m'minibasi si kukalipa ayi, koma kuti mawu ake ankamveka ngati a mnzako wodandaula nawe pamaliro. Za Evison Matafale wa ku Chileka, yemwe anafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, ndimawauzanso, chifukwa kubisira ana zimenezi n'kuwanamiza.

Chaka china mtsikana wina anasiya zonse za boma n'kupeka za kukhala pansi m'kalasi: fumbi pa yunifolomu, mwendo kuchita dzanzi, kope lili pabondo, kuimirira mosamala poyankha funso kuti anyamata asaseke. Sanatchule nduna kapena chipani. Pofika Lachisanu sukulu yonse inali ikuiimba popita kumjigo. Lolemba lake ahedi anandiitanitsa ku ofesi, natseka chitseko, n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, nyimbo ija akunena ine kodi?"