Mitanda Yoyera ya ku Hernandez

Pa zithunzi za manda zimene ndaziona, chotchuka zedi ndi "Moonrise, Hernandez, New Mexico" chimene Ansel Adams anajambula mu 1941. M'munsi muli kamudzi, katchalitchi ndi mitanda yoyera mbee. Chapatali mapiri afunda chipale chofewa. Pamwamba mwezi wangotuluka kumene. Dzuwa linali likulowa. Adams, atasowa kachipangizo koyezera kuwala, anangowerengera pamtima kuwala kwa mwezi n'kutola kamodzi basi. Pomwe amati abwereze, mitanda inali itazilala kale. Luso limeneli sindingalitsutse ayi.

Pondivuta ine ndi pena. Adams anatsuka chithunzichi koposa ka 1,300, ndipo m'kupita kwa zaka ankalidetsa thambo lija mpaka linada bii, n'cholinga choti mitanda ndi mapiri ziwale kwambiri. Zinawaladi. Koma taonani, awerengi: palibe dzina ndi limodzi lomwe lowerengeka pa mitandayo, ndipo amene anaizika akulira saoneka. Manda a eni asanduka chokometsera mwezi.

Uwu ndiwo msampha wa aliyense wojambula manda m'nyengo yachisanu. Kuyera kumakopa diso, wojambula n'kuiwala kuti pansipo pagona mwana wa munthu. Mu 2006 chimodzi mwa zithunzizi chinagulidwa pa $609,600. Nanga wogulayo anagulanji, chisoni cha a ku Hernandez kapena thambo lakuda la Adams?

Kukongola n'chokongoladi. Komabe wojambula manda ayambe wasendera pafupi, awerenge dzina, kenaka atole.