Mutu wa Chilembwe Ukutipha Ndakatulo

Magulu a alembi m'sukulu ndi m'matchalitchi a ku Chiradzulu ali ndi chizolowezi chopatsana mutu woti aliyense akalembepo. Nzeruyo njabwino, chifukwa amene wagwira cholembera koma maganizo ali gwa amapeza poyambira. Dandaulo langa lili pa mutu umene umabwera Januwale aliyense: "John Chilembwe". Dzina lokhalo basi.

Ndawerenga ndakatulo zambiri zobadwa pa mutu umenewu, ndipo zimafanana ngati mandasi a m'chiwaya chimodzi. Ngwazi, magazi, ufulu, kenaka Mbombwe kumapeto kuti tidziwe kuti mlembiyo ngwa konkuno. Eti nkhani yonse ya 1915 n'kuthera m'mawu anayi! Achinyamatawo sindikuwada ayi. Mlandu uli kwa opereka mutu, pakuti mutu waukulu chonchi umaitana mawu a pamsonkhano wa ndale, osati a ndakatulo.

Chonsecho timitu tabwino tili pakhomo pomwepa. Bwanji osawauza kuti: lemba ngati Mlomwe wochokera ku Mozambique amene akugwira thangata pa esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero, ndipo wamva kuti bwana watentha tchalitchi chake? Kapena ngati mayi amene anakhala m'mapemphero a PIM Lamulungu pa 24 Januwale 1915, mutu wa William Jervis Livingstone uli pamtengo patsogolo pake. Kodi anayimba nawo nyimbo? Kunyumba anakawauza chiyani ana? Palinso munthu wa ku Nguludi, komwe mishoni ya Akatolika inaotchedwa m'masiku omwewo. Kwa iyeyo usiku umene uja sunali wa chipulumutso, ndipo mlembi amene angayerekeze kulowa m'mtima mwake adzatuluka thukuta.

Jack Mapanje, m'buku lake la 1981, Of Chameleons and Gods, ali ndi ndakatulo yotchedwa "Before Chilembwe Tree". Taonani pamene anayambira: pa mtengo. Mapanjeyo anakulira mu Writers Group ya ku Chancellor College, yomwe inayamba mu 1970, ndipo mphamvu ya gulu lija inali kudzudzulana. Munthu ankawerenga, anzake n'kumusenda mzere ndi mzere. M'magulu athu ano wina akangomaliza kulakatula timaomba m'manja, wapampando n'kuitana wotsatira. Palibe wofunsa kuti mawu oti "ngwazi" akugwira ntchito yanji mu mzere wachitatu.