Masewera a Ana M'mabuku Akale

Anthu a ku England amanyadira kiriketi, masewera omenya mpira ndi thabwa, koma chiyambi chake sachidziwa bwino. Ophunzira akale ankayesa masewera a ana zachibwana zosayenera inki, ndipo zochepa zimene zidatsala zidalowa m'mabuku mongodutsa.

Mu 1598 ku Guildford kudali mlandu wa malo. Mboni ina, John Derrick, wa zaka 59, adalumbira kuti zaka 50 m'mbuyomo iye ndi anzake a pasukulu ankasewera kiriketi pamalopo. Iye ankangothandiza oweruza, osadziwa kuti akusiyira dziko umboni wakale wotsimikizika wa masewerawo.

Mu 1744 John Newbery adasindikiza ku London kabuku ka ana, A Little Pretty Pocket-Book, momwe muli kiriketi, stoolball ndi baseball. Masewera alionse adawapatsa chithunzi, kandakatulo ndi langizo. Timuyamika, komabe mtima wake udali pa kulangiza. Kaseweredwe adangokakhudza pamwamba, ndipo pachithunzi cha baseball palibe ndi ndodo yomenyera yomwe.

Jane Austen adaposa pamenepo. M'buku lake, Northanger Abbey, lotuluka mu 1817, adationetsa mtsikana Catherine Morland wokonda kiriketi kuposa zidole, ndi baseball kuposa mabuku. Mawu ochepawo atiululira khalidwe la mwanayo, natiuzanso kuti atsikana nawonso ankasewera. Mlembi woyang'anitsitsa mwana amasunga zambiri kuposa wofulumira kumulangiza.

Nanga kwathu kuno? Mbiri ya mafumu ndi malonda a Ayao tili nayo chifukwa Yohanna Abdallah adailemba m'buku lotuluka mu 1919. Koma pamchenga wa ku Nkhudzi, asodzi akamasoka maukonde, atsikana amasewera fulaye: awiri amaponya mpira, wapakati amazinda uku akudzaza mchenga m'botolo. Ena ali pa phada, anyamata akukwapula nguli. Malamulo ake onse ali pakamwa pokha, ndipo agogo akatsikira kulichete amapita nawo kaseweredwe ka m'nthawi yawo. Madzi akatayika sawoleka.

Tsono ife makolo, aphunzitsi ndi alembi a nthano, tisachite manyazi kulemba zimenezi. Tilembe amene amayamba kuponya, m'mene amawerengera zigoli, nyimbo zake, ndi chimene amachita mwana akabera anzake. Adzukulu athu adzafuna kudziwa m'mene tinkasewerera, monga ife tifunira kudziwa m'mene makolo ankalamulira.