Mkono wa Roberto Clemente

Mu baseball, wosewera woima kutali cha kumanja kwa bwalo amakhalitsa akungodikira. Mpira ukamenyedwa n'kugwera kwake kuja, amautola n'kuubweza msanga wothamanga wa timu inayo asanafike komwe akulinga. Roberto Clemente, mwana wa kapitawo wa m'minda ya nzimbe ku Carolina, ku Puerto Rico, anagwira ntchito imeneyi ku Pittsburgh Pirates kuyambira 1955 mpaka 1972.

Ali mnyamata ankaponya nthungo pa mipikisano, ndipo kaponyedwe kake kanatengera komweko. Sankaima kaye kuti akhazikike. Ankautola mpira ali pa liwiro, n'kuzungulira thupi lonse kamodzi, mkono n'kudzera pamwamba pa phewa, mpirawo n'kuchoka uli myaa, osakwera m'mwamba. Mphoto ya Gold Glove, yopita kwa akatswiri owakha ndi kuponya mpira, anailandira zaka 12 zotsatizana.

Kuponya kwake komwe ine ndimakugomera sikunatulutse munthu aliyense. Munali mu 1971, pa masewero achisanu ndi chimodzi a World Series, mpikisano wolimbirana chikho, ku Baltimore, zigoli zili 2-2. Don Buford wa timu inayo anamenya mpira womwe unakathera pa ngodya ya kumanja, mnzake Mark Belanger n'kuliyatsa liwiro kuchokera pa base yoyamba. Clemente anautola pa khoma penipeni, n'kuuponya molunjika kunyumba komwe amagoletsera. Belanger anangoima pa base yachitatu. Mabuku a ziwerengero salemba kanthu pa zoterezi, chonsecho ndiye phindu lenileni la mkono wotere: anthu amaleka okha kuthamanga. Tsikulo Pirates inagonjabe, koma mawa lake inatenga chikho, Clemente n'kusankhidwa katswiri wa mpikisano wonsewo.

Kumenyanso ankatha, ngakhale mipira yoipa imene ena akanaisiya. Pa 30 Seputembala 1972 anakwanitsa ma hit 3,000 ndendende (hit ndi kumenya mpira n'kufika pa base osatulutsidwa).

Mu Disembala chaka chomwecho chivomezi chinagumula mzinda wa Managua ku Nicaragua. Atamva kuti thandizo lomwe ankatumiza likuthera m'manja mwa akuluakulu a boma la Somoza m'dzikomo, anati aperekeza yekha katunduyo. Pa 31 Disembala ndege ya DC-7 yomwe anakwera, yodzaza mopyola muyeso, inagwera m'nyanja itangonyamuka ku San Juan. Anali ndi zaka 38. Mnzake wa mu timu, Manny Sanguillén, sanapite ku mwambo wa maliro. Anali m'madzi, kumira n'kumafufuza thupi, koma silinapezeke.