Nthano Zazitali Zitatu Zomwe Zidandigwira Mtima Chaka Chatha: Phunziro la Mfotokozankhani

Mawu otsogolera

Ndili ndi kakope momwe ndimalembamo buku lililonse lomwe ndamaliza. Chaka chatha m'kakopemo mudalowa mabuku a mitundu iwiri: ena ndidawerenga ndi maso, ena ndidamvera ndi khutu. Buku lomvera ndi buku lomwe munthu wina adaliwerenga mokweza, mawu akewo n'kujambulidwa, kotero kuti aliyense angathe kulimvera pa foni kapena pa kompyuta. Ine ndinkamvera mabuku otere pobwerera kunyumba kuchokera kusukulu ndiponso usiku magetsi akazima.

Mwa mabuku onsewo, atatu ndiwo adatsala mumtima: Nthondo lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, Things Fall Apart la Chinua Achebe wa ku Nigeria, ndi Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe. Awiri omalizawa ndi a Chingerezi, choncho simudzawapeza pa pepala la Chichewa. Ndawasankhabe chifukwa akuonetsa poyera chinthu chomwe chimatayitsa malikisi ophunzira ambiri. Pochonga zimangirizo, kawirikawiri ndimapeza wophunzira atangobwereza nkhani yonse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, osadzifunsa kuti kodi akutiuza nkhaniyi ndi ndani, waima pati, nanga akufuna kuti tiione bwanji.

Mfotokozankhani ndi ndani?

Mfotokozankhani ndi liwu lomwe likutisimbira nkhani m'buku. Wophunzira asasokoneze mlembi ndi mfotokozankhani. Mlembi ndi munthu weniweni yemwe adagwira cholembera, pomwe mfotokozankhani ndi liwu lomwe mlembiyo wasankha kuti liyankhule. Nthawi zina liwuli limakhala la mpangankhani wa m'nkhani momwemo, yemwe amati “ine ndidapita, ine ndidaona.” Nthawi zina limakhala la munthu woima kunja kwa nkhani, yemwe amati “iye adapita” ndipo amatha kulowa m'maganizo a ampangankhani osiyanasiyana.

Powerenga mwachinunu n'kosavuta kuiwala kuti liwuli liliko, chifukwa maso amangothamangira zochitika. Koma pomvera buku, liwulo limakhala m'khutu mwako nthawi yonse. Zimafanana ndi nthano za madzulo pamoto: sungaiwale kuti akusimba ndi agogo, ndipo umadziwa pomwe akuseka ndi pomwe akukuchenjeza.

1. Nthondo (1933)

Ntara adali mphunzitsi ku mishoni ya Nkhoma. Buku lakeli lidapata mphotho pa mpikisano womwe udakonzedwa ndi bungwe la ku London loona za ziyankhulo ndi zikhalidwe za mu Africa, ndipo mu 1934 T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi pa mutu woti Man of Africa. Nkhani yake ikutsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka imfa: ubwana wa kumudzi, unyamata wa kuba ndi mwano, ulendo wokasaka ntchito kutali ndi kwawo, kulowa ufumu, kenaka kutembenuka mtima n'kukhala Mkhristu.

Buku limeneli ndidalimva m'njira yodzipangira ndekha. Lachisanu lililonse masana ophunzira anga ankasinthana kuliwerenga mokweza, ine n'kumajambula pa foni. Pomveranso zomwe tidajambulazo ndidazindikira kuti mfotokozankhani wa Ntara amayankhula ngati munthu wamkulu pabwalo. Safulumira. Akafika pa mwambo amaima n'kuufotokoza, ngati kuti akuopa kuti ana a mawa adzauiwala. Amaima kunja kwa nkhani, koma sabisa maganizo ake pa khalidwe la Nthondo. Woipa amamuonetsa kuti ndi woipa.

Apa ndi pomwe pali mphamvu ya bukuli komanso kufooka kwake. Mphamvu yake ndi yakuti Chichewa chake n'chozama ndipo moyo wa m'mudzi wa Achewa ukuoneka bwino lomwe. Kufooka kwake n'kwakuti mfotokozankhani akudziwa kale komwe akutitengera. Kutembenuka mtima kwa Nthondo kukumveka ngati yankho lomwe lidalembedwa funso lisadafunsidwe. Ine ndidakhulupirira kwambiri Nthondo wakuba kusiyana ndi Nthondo wolapa, chifukwa wakubayo tidayenda naye mtunda wautali pomwe wolapayo tangomuona kumapeto. Wophunzira wanzeru angathe kulumikiza zimenezi ndi malo omwe mlembi ankagwira ntchito ndiponso nthawi yomwe bukuli lidalembedwa.

2. Things Fall Apart (1958)

Ili ndidalimvera lonse, mitu 25, kenaka ndidabwereka buku lenileni kuti ndionenso malo ena. Mpangankhani wamkulu ndi Okonkwo wa ku Umuofia, pakati pa mtundu wa Igbo. Bambo ake, Unoka, adali munthu waulesi ndi wangongole, choncho Okonkwo adakula ndi mantha oti anthu angamuone ngati wofooka. Mantha amenewa ndiwo tsinde la mavuto ake onse.

Mfotokozankhani wa Achebe nayenso waima kunja kwa nkhani, koma ndi wosiyana ndi wa Ntara. Iyeyu sagamula mlandu. Amangoika umboni patsogolo pathu. Chitsanzo chabwino ndi imfa ya Ikemefuna, mnyamata yemwe adaperekedwa ndi anthu a ku Mbaino ngati chipepeso ndipo adakhala pakhomo pa Okonkwo zaka zitatu mpaka kuyamba kumuitana kuti bambo. Zitagamulidwa kuti mnyamatayo aphedwe, nkhalamba Ezeudu idachenjeza Okonkwo kuti asaikepo dzanja lake. Okonkwo sadamvere. Pa ulendo wa kunkhalango mfotokozankhani akutilowetsa m'mutu mwa mnyamatayo, yemwe akuganiza kuti akupita kwawo kukaona mayi ake ndi mlongo wake wamng'ono. Kenaka chikwanje cha Okonkwo chikutsika, ndipo mfotokozankhani akungotiuza mwachidule kuti adatero poopa kuoneka wofooka. Palibe ulaliki, palibe kudzudzula. Nditamva gawo limeneli ndidaima panjira n'kuzimitsa foni. Chisoni chidachokera poti ife tikudziwa zomwe mnyamatayo sakudziwa.

Mawu a akulu akoma akagonera. Pamaliro a Ezeudu yemweyo mfuti ya Okonkwo idaphulika n'kupha mwana wa malemuyo, ndipo Okonkwo adathamangitsidwa kukakhala kwa amayi ake ku Mbanta zaka zisanu ndi ziwiri. Pobwerako adapeza amishoni ndi boma la atsamunda atazika mizu, mwana wake Nwoye atalowa chipembedzo chatsopano. Mkangano udafika pachimake pomwe Mkhristu wina dzina lake Enoch adavula chigoba mmodzi mwa ovina oimira mizimu ya makolo. Yemwe adakulira kudera la gule wamkulu safunika kumuuza kukula kwa mlandu wotere.

Luso lalikulu lili pa tsamba lomaliza. Okonkwo atapha mesenjala wa boma n'kudzimangirira, mfotokozankhani akuchoka pakati pa anthu a ku Umuofia n'kulowa m'maganizo a bwana DC wachizungu. Bwanayo akuganiza kuti nkhani ya munthu ameneyu ingakwane ndime imodzi m'buku lomwe akulemba. Ife tayenda ndi Okonkwo buku lonse, koma kwa mlendoyu moyo wonsewo ndi ndime chabe. Achebe akutionetsa kuti yemwe wagwira mpata wosimba nkhani ya anthu ndiye amasankha kukula kapena kuchepa kwawo. Chofooka chomwe ndidaona n'chakuti gawo lachitatu likuthamanga kwambiri poyerekeza ndi loyamba, ndipo amayi monga Ekwefi sadapatsidwe mpata wokwanira woti timve zakukhosi kwawo.

3. Nervous Conditions (1988)

Ili ndilo lidaposa onse kwa ine. Nkhani ikuchitikira ku Rhodesia, dziko lomwe tsopano ndi Zimbabwe, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Mfotokozankhani ndi mpangankhani wamkulu mwini wake, mtsikana wotchedwa Tambudzai kapena kuti Tambu. Iye akuyamba ndi kuulula kuti imfa ya mlongo wake Nhamo sidamupatse chisoni. Woyamba kumva zimenezi amadzidzimuka, ndipo buku lonse ndi yankho la funso loti mwana angafike bwanji pamenepa.

Ndalama za sukulu zitachepa, makolo adasankha kuphunzitsa mnyamata. Tambu adalima kamunda kake ka chimanga kuti adzipezere fizi, koma Nhamo ankaba chimangacho n'kumagawira anzake. Mphunzitsi Matimba adamutengera ku Umtali kukagulitsa mondokwa, ndipo mayi wina wachizungu adapereka mapaundi 10 chifukwa cha chifundo. Mwayi weniweni udabwera Nhamo atamwalira, pomwe Babamukuru, bambo ake aakulu omwe adali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya mishoni, adatenga Tambu m'malo mwa malemuyo.

Pomvera bukuli ndidayamba kusiyanitsa mawu awiri mwa munthu mmodzi. Pali Tambu wamng'ono, yemwe akuona Babamukuru ngati mpulumutsi ndipo akunyadira nyumba ya kumishoni. Palinso Tambu wamkulu, yemwe akusimba nkhaniyi patapita zaka ndipo akudziwa mtengo wa chifundo chimenechi. Wamkuluyo nthawi zina amaseka wamng'onoyo, nthawi zina amamumvera chisoni. Iyeyu ndiye akutionetsa kuti Maiguru, mkazi wa Babamukuru, ndi wophunzira mofanana ndi mwamuna wake koma alibe ulamuliro pa malipiro ake omwe. Ndiyenso akutionetsa Nyasha, mwana wa Babamukuru yemwe adakhalako ku England, akusowa pogwira pakati pa zikhalidwe ziwiri mpaka kudwala matenda okana chakudya. Tambu atakana kupita ku ukwati wa kutchalitchi womwe Babamukuru adakonzera makolo ake, adalandira zikwapu 15, komabe mumtima adaona kuti kwa nthawi yoyamba wadzisankhira yekha chochita.

Wophunzira akumbukire kuti mfotokozankhani wa “ine” amangodziwa mbali yake. Nhamo timamuona kudzera m'maso a mlongo wake wokwiya, ndipo sadapatsidwe mpata wodziyankhira. Mlandu saugamula utangomva mbali imodzi, choncho pofotokoza khalidwe la mpangankhani m'buku lotere ndi bwino kunena kuti umboni wathu wachokera kwa yani. Kufooka kwa bukuli n'kwakuti malo ena Tambu amalingalira nthawi yaitali nkhani itaima. Mathero akenso sakumanga zonse, ndipo mlembi adapitiriza moyo wa Tambu m'mabuku ena awiri, The Book of Not mu 2006 ndi This Mournable Body mu 2018. Ngakhale zili choncho, m'kalasi iliyonse yomwe ndaphunzitsa mumakhala mtsikana yemwe sukulu yake ikudalira chifundo cha wachibale, ndipo sindidaonepo buku lina lofotokoza bwino chotere chimwemwe ndi goli za mwana ameneyu.

Khutu ndi diso

Khutu limagwira zomwe diso limadumpha: kamvekedwe ka miyambi, nthabwala zobisika, ndi malo pomwe liwu la mfotokozankhani lasintha. Koma khutu lili ndi malire. Womvera sadziwa kalembedwe ka mayina, sangabwerere msanga ku mutu wachitatu kukatsimikiza mfundo, ndipo maganizo akangoyenda pang'ono ndime yonse yapita. Komanso wowerenga mokweza uja amaikamo maganizo ake. Akawerenga mawu a mpangankhani ndi liwu laukali, iwe umamuda mpangankhaniyo ngakhale mlembi sadanene kuti adakalipa.

Choncho pokonzekera mayeso gwiritsani ntchito zonse ziwiri. Pa buku lililonse lomwe mukuphunzira, khalani m'magulu a anthu anayi kapena asanu n'kumawerengerana mokweza mutu umodzi pa tsiku. Omvera atseke mabuku awo. Mutu ukatha, aliyense anene yemwe amayankhula ndi momwe amamuonera mpangankhani wamkulu. Kenaka tsekulani mabuku n'kupeza ndime yotsimikiza zomwe mwanenazo. Woyesa mayeso safuna kumva kuti buku mudalikonda. Amafuna mfundo, umboni wochokera m'buku, ndi kufotokoza momwe umboniwo ukuchirikizira mfundoyo.

Mafunso

1. Fotokozani kusiyana kwa mlembi ndi mfotokozankhani.
2. Tchulani ubwino umodzi ndi vuto limodzi la nkhani yosimbidwa ndi mpangankhani mwini wake.
3. Kodi mfotokozankhani wa m'buku la Nthondo akusiyana bwanji ndi wa m'buku la Achebe pa kaonedwe kawo ka mpangankhani wolakwa?
4. Sankhani nthano yaitali imodzi yomwe mukuphunzira m'kalasi. Lembani ndime ziwiri zosonyeza momwe mfotokozankhani akukuchititsirani kukonda kapena kudana ndi mpangankhani wamkulu. Perekani umboni wochokera m'bukulo.
5. Lembaninso chochitika chimodzi cha m'buku lomwelo ngati kuti akusimba ndi mpangankhani wina. Kodi chasintha n'chiyani?